Kambendera pa Tsamba la Apongozi

Pakati pa tauni ya Lusaka, kuseri kwa Cairo Road, panali kashopu kosindikiza zikwangwani, makadi a ukwati ndi mapepala a mwambo wa maliro. M'menemo ndi momwe ankagwira ntchito Thandazani Jere, mwamuna wa diso lakuthwa pa mitundu ndi manja osakhazikika. Anzake a pantchito ankamuseka kuti akaona pepala loyera thupi limamuyabwa. Munthu akabwera kuti amulembere mawu atatu okha, ankatuluka nawo atavekedwa maluwa, nthambi za kanjedza ndi nkhunda ziwiri pamwamba. Ambiri ankachoka akumwetulira, ndipo matamando amenewa anamulowa m'mutu pang'onopang'ono, mpaka anayamba kukhulupirira kuti chinthu chikakongola ndiye kuti chakhoza.

Kwawo kunali ku Chelstone, kumene ankakhala ndi mkazi wake Emmy ndi mwana wawo wamkazi, Pearl. Loweruka ndi Lamlungu, amuna anzake ali kumsika kukangana za mpira, iye ankatsegula laputopu n'kulowa pa wiki yotchedwa Lusaka Wathu. Awa anali malo a pa intaneti amene anayambitsa mayi wina, Towela Nyirenda, mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku Woodlands, kuti anthu wamba azilembapo m'Chinyanja za makomboni awo, misika, matchalitchi, matimu a mpira, ndi za anthu amene anamanga tauniyi popanda wowaombera m'manja. Aliyense wolembetsa dzina ankatha kulemba tsamba kapena kukonza la mnzake. Tsamba la munthu linkayamba ndi kabokosi: chithunzi, dzina, chaka chobadwa, ndi malo obadwira pamodzi ndi dziko lake. Nkhani yeniyeni inkabwera m'munsi mwake.

Mwa masamba onse amene Thandazani analemba, limene ankanyadira kwambiri linali la apongozi ake, Ba Norbert Mbewe a ku Kabwata, atate ake a Emmy, amene anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anakhala nawo masana angapo akuwafunsa, atakhala chapatali mwaulemu wa mkamwini, ndipo analemba zonse: kuti bambo awo anachoka ku Katete kukakumba malasha ku Wankie, dziko la Zimbabwe likadali kutchedwa Southern Rhodesia, kuti Ba Norbert anabadwira komweko, makolo n'kubwerera nawo kwawo ali kumsana, asanayambe n'kukwawa komwe, kuti anaphunzitsa ana a Lusaka mpaka imvi zinawayeretsa mutu. M'kabokosi munalembedwa mwachidule kuti anabadwira ku Wankie, Zimbabwe. Mawuwo anakhala pamenepo chaka ndi miyezi, ndipo palibe amene anapunthwa nawo.

Olemba a wikiyo ankakumana kamodzi pamwezi pa kamalo kena komwera tiyi ku Longacres. Kumeneko ndi kumene Thandazani anatulutsa maganizo ake.

"Ba Towela, masamba yathu yauma maningi," anatero akutembenuzira laputopu kwa anzake. "Munthu akatsegula aona malemba yakuda yekhayekha, monga kalata ya ku khoti. Tiikeko tumbendela pafupi na maina ya maiko. Tung'ono chabe, monga pa zotuluka za mpila. Muzaona mwamene yazawalila."

Towela anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, monga ankachitira m'kalasi mwana akafunsa funso lofunika kuliyankha modekha.

"Pa mpila ikani, ba Thandazani, chifukwa timu isewelela dziko, na mbendela ni yake. Koma pa anthu iyai. Mukalemba kuti munthu anabadwila ku Malawi, mwakamba chabe kumene amai ake anali tsiku lija. Mukaikapo mbendela, mwakamba kuti munthu uyo ni wa ndani. Ni nkhani ziwili zosiyana. Komanso akuluakulu ambili amene tilemba anabadwa nthawi ya chitaganya, pamene anthu anali kuyenda Chipata, Mchinji, Harare monga ni munda umodzi."

"Ah, mwaikulitsa nkhani," Thandazani anaseka. "Kanthu kochepa monga njele ya mpunga kangalume ndani? Ni kokongoletsa chabe."

Ena anali mbali yake, ena mbali ya Towela. Pomaliza anagwirizana kuti nkhaniyo iyambe yaima mpaka atafunsa eni masamba amene akadali moyo. Thandazani anavomera ndi mutu, koma mtima wake unali utavala kale nsapato.

Tibokosi tonse ta pa wikiyo tinkaumbidwa ndi chikombole chimodzi, monga njerwa. Ukasintha chikombolecho, masamba onse a anthu ankasintha nthawi imodzi. Ndipo amene anachikonza, amenenso anali ndi chilolezo chochigwira, anali Thandazani yemweyo. Lamlungu lotsatira, atabwerako kutchalitchi, anakhala pakhonde, laputopu ili pamiyendo. Emmy anali pamphasa akuluka tsitsi la Pearl.

"Bashi Pearl, si munakamba kuti ba Towela anakana?" anafunsa Emmy, pomuitana mwamuna wake kuti bambo wa Pearl, atasuzumira zimene ankachita.

"Anakana chifukwa sanaone. Maso yakaona, pakamwa pazavomela."

"Nanga kufunsa eni ake kuja?"

"Nizafunsa anthu angati? Ena ali kumanda ku Leopards Hill. Leka nisebenze, bana Pearl."

Anadina batani. Kenaka anatsegula masamba angapo kuti aone zimene zatuluka. Apa panali kambendera kobiriwira ka Zambia, nkhwazi yake ili ngati kadontho; apo dzuwa lofiira la Malawi, pa tsamba la telala wina wakale wa ku Kamwala. Masamba aja anawala ngati msewu wokongoletsedwa pa tsiku lokumbukira ufulu. Tsamba la apongozi ake sanalitsegule. Ankalidziwa pamtima, ndipo chinthu chimene munthu amachidziwa pamtima ndi chimene sachiyang'ananso.

Mawa lake mauthenga oyamikira anayamba kugwa ngati mango akupsa. Achinyamata amene sankawerenga wikiyo anayamba kutumizirana masamba ake. Towela anamulembera kuti achotse timbenderato kufikira msonkhano wotsatira, koma iye anangomutumizira mauthenga oyamikirawo, n'kuwonjezera kuti wiki ndi ya anthu onse, ndipo anthu alankhula. Inali nyengo ya mayeso, Towela atakwiririka m'mapepala a ana asukulu, komanso sanafune kukokana naye chingwe pamaso pa anthu. Anati adzakambirana akadzakumana. Timbendera tinakhala.

Nthawi yomweyo ku Kabwata kunali nkhani ina, yolemera kuposa ya masamba a pa intaneti. Pakati pa maflati amene Ba Norbert ankakhala panali bwalo lafumbi, lopanda ngakhale udzu, koma lamtengo wapatali kwa eni ake. Ana ankamenyerapo mpira, amayi ankayanikapo mabulangete, ndipo maliro akagwa tenti inkakhomedwa pomwepo, chifukwa m'nyumba za m'mwamba olira sakwanamo. Tsono kunabwera wamalonda wina, dzina lake Davies, ndi mapepala onena kuti malowo anapatsidwa iye kuti amangepo mashopu ndi potsukira magalimoto. Komiti ya anthu okhala m'maflatiwo inakana, ndipo wapampando wake anali Ba Norbert. Anthu ankawamvera, poti ambiri a iwo anadutsa m'manja mwawo kusukulu. Mkuluyu anaitanitsa msonkhano waukulu pabwalo lomwelo, kuti onse amange mfundo imodzi yokapereka dandaulo kwa oona za malo nthawi yololedwa isanathe.

Sabata ya msonkhanowo, chithunzi china chinayamba kuyenda pa Watsapu. Munthu akatsegula tsamba la wiki pa foni, kabokosi ndi kamene kamayamba kuoneka, nkhani n'kutsalira pansi. Wina anajambula kabokosi kokhako: nkhope ya Ba Norbert, dzina lawo, ndi kambendera ka Zimbabwe kali waliwali pansi pa chibwano chawo. M'munsi anawonjezeramo mawu akuti, "Mlendo atiuze za nthaka ya Zambia?" Amene anayambitsa sanadziwike, ngakhale aliyense ankaganiza kumene utsi unkafukira. Dzina la dzikolo linali pamenepo kuyambira kale, m'timalemba takuda, likungonong'ona. Mbendera inafuula.

Emmy ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Longacres. Lachinayi masana anatulukira m'shopu muja, osapereka n'komwe moni kwa anzake a mwamuna wake, n'kuika foni pamwamba pa makadi a ukwati amene Thandazani ankadula.

"Onani atate."

Thandazani anayang'ana, naona chithunzi chija.

"Yachokela kuti iyi?"

"Ku gulu la amai a ku chechi. Ku gulu la maflati. Na kwa msuweni wanga wa ku Makeni, amene anifunsa ngati ise ndise maZimbabwe. Mufuna niwelenge zamene anthu alemba pansi?"

Sanafune. Pomwepo anatsegula laputopu, nabweza chikombole mmene chinalili kale, ndipo timbendera tonse tinazimiririka madzi a tiyi asanawire n'komwe. Koma chithunzi chija sichinalinso pa wiki ayi. Chinali m'matumba a anthu, ndipo kumeneko kunalibe batani loti n'kudina.

Loweruka, tsiku la msonkhano, Thandazani ndi Emmy anakwera minibasi kupita ku Kabwata. Bwalo linali lodzaza. Ba Norbert anaimirira atavala jekete lawo lotuwa lopitira kutchalitchi, nayamba kufotokoza mofatsa, monga mwa chizolowezi chawo, mmene bwalolo linasiyidwira anthu pamene maflati ankamangidwa. Sanapite patali. Kumbuyo anyamata ena, amene fungo lawo linkaulula kumene anadzera, anakweza mafoni m'mwamba.

"Ba Zim, nkhalani pansi!"

"Za malo siyilani eni dziko!"

Ena anawakalipira anyamatawo, ena anaseka, ndipo ambiri anangozyolika. Zonsezo Ba Norbert akanazipirira. Mphunzitsi wakale sagwa ndi phokoso la kumbuyo kwa kalasi. Koma kutsogolo kunaimirira mayi wina, Anita, wogulitsa tomato pamsika, amene iwo anamuphunzitsa kugwira pensulo. Analankhula mwaulemu, manja atawaphatikiza.

"Ba Ticha, musakalipe. Tifuna chabe kudziwa, kuti tikapita ku maofesi tisakachite manyazi. Ndimwe a kuno zoona?"

Dzanja la Ba Norbert linapita lokha kuthumba la jekete, mmene munali chitupa chawo chobiriwira cha unzika. Linaima pomwepo. Kenaka linatuluka lopanda kanthu.

"Anita, mwana wanga, ngati pa msinkhu uno ndiyenela kuonetsa chitupa kwa ana amene ndinawaphunzitsa kulemba maina awo, ndiye kuti mpando uwu wandikulila. Sankhani wina."

Anakhala pansi. Mkamwini sakweza mawu pamaso pa apongozi, koma tsiku limenelo Thandazani mwambo anauiwala. Anadzambatuka n'kukwera pa benchi.

"Nine n'naika mbendela ija! Ni kulakwa kwanga! Siitanthauza kanthu!"

"Uyo ni mkamwini wawo!" wina anakuwa. "Azakamba chani china?"

Phwete linamiza mawu ake onse, ndipo msonkhano unabalalika wopanda mfundo.

Tsiku lotsatira, mapemphero atatha, Thandazani anakwera masitepe opita kunyumba kwa apongozi, Emmy ali patsogolo. Anakana mpando umene apongozi aakazi, Ba Winifred, anamulozera, nakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anafotokoza zonse: za msonkhano wa ku Longacres, za chenjezo la Towela, za chikombole chija. Ba Norbert anamvetsera osamudula mawu. Atatha, anapempha Emmy kuti awaonetse chithunzicho, pakuti anali asanachione ndi maso awo. Ankangomva kwa anthu. Anavala magalasi, nachiyang'anitsitsa.

"Mbendela iyi ilibe mlandu," anatero. "Eni ake aikonda monga ine ndikonda yathu. Ndipo mchombo wanga unagwela ku Wankie, zimenezo sindikana. Koma pamene ndinali kubadwa, mbendela iyi kunalibe. Sindinaimepo pansi pake ngakhale tsiku limodzi. Yathu ndinaiona ikukwela koyamba ndili mwana wa sukulu ku Katete, ndili chilili pa dzuwa, wopanda nsapato, m'manja muli kambendela ka pepala. Ndinakasunga mpaka kanatha ndi njenjete."

Anaika foni patebulo.

"Tsono ndiuzeni, atate ake Pearl. Munaiikilanji?"

Thandazani anafufuza m'mutu mwake yankho lolemera, loyenerana ndi kukula kwa zimene zinachitika. Sanalipeze. Chimene chinalimo ndi choonadi chokha, chopepuka ngati mankhusu.

"Inali kuoneka bwino, atate."

Ba Norbert anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma monga mphunzitsi amayang'anira mwana wanzeru amene walephera funso losavuta.

"Ee," anatero potsiriza. "Ioneka bwino."

Anamukhululukira tsiku lomwelo, namuuza kuti adzuke pansipo akhale pampando, pakuti bambo wa mdzukulu wawo sangakhale pakhomo ngati wopemphetsa. Thandazani akanakonda atamukalipira. Mkwiyo umakhala ndi pothera, koma chifundo cha munthu amene wamulakwira chimalemera paphewa mwakachetechete.

Towela naye sananene mawu akuti "ndinakuuzani". Anangomuitana, nakhala pansi awiriwo kulemba lamulo la pa wiki: mbendera pa timu yoimira dziko, inde, pa malo obadwira munthu, ayi. Thandazani anakonzanso tsamba la apongozi ake kuti liziyamba ndi mawu onena kuti Ba Norbert ndi Mzambia wa ku Katete, natumiza nkhani yonse m'magulu aja amene chithunzi chinadutsamo. Owerengeka anayankha mopepesa. Koma ambiri amene anathamangira chithunzi analibe nthawi yowerenga ndime zitatu.

Ku Kabwata komiti inagawikana. Ena ankati akawapepese Ba Norbert abwerere pampando. Ena ankati nkhani ya dzikoyi idzawapunthwitsa kumaofesi, kuli bwino apeze munthu wopanda chomunenera. Wotenga mpandowo sanapezeke msanga, chifukwa aliyense anali ataona mmene mpandowo umawotchera. Akukokanakokana chomwecho nthawi yoperekera dandaulo inadutsa, ndipo mvula yoyamba isanagwe, bwalo lija linazingidwa ndi malata.

Patapita miyezi, Thandazani anapita kukawatenga Ba Norbert kuti awaperekeze kutauni kukayezetsa maso. Anadutsa m'mbali mwa malata aja, mkati mukumveka mafosholo ndi makina osakaniza simenti. Ana anali kumenyera mpira mumsewu, akumabalalika galimoto ikatulukira. Mkuluyo sanatembenuze mutu.

Pasiteji, kondakitala wa minibasi anawaona akubwera, nathamangira kukatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Ba Zim, tauni? Bwelani, mudala, nkhalani kuno kutsogolo. Imwe, apatseni njila akulu!"

M'mawu akewo munalibe chipongwe ngakhale pang'ono. Ankawalemekeza ndi mtima wonse, powatchula dzina lokhalo limene iye ankawadziwira. Ba Norbert anathokoza, nagwira chitseko, nakwera pang'onopang'ono. Thandazani anapanikizika kumpando wa kumbuyo, ndipo ulendo wonse mpaka kutauni maso ake anali pa nkhongo yaimvi ya apongozi ake.

Kambendera kaja kanakhala pa tsamba masabata ochepa chabe, koma pa dzina la munthu kanamera mizu. Thandazani sanali munthu wankhanza, ndipo sanalembe bodza ngakhale limodzi. Anangoona kuwala kwa kunja, osafuna kumva amene ankamuuza kuti ayambe wang'amba aone zili mkati. Akuluakulu ankadziwa za anthu otere pamene anati: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.